Kubzala kapinga pabwalo kuti dothi lisapite ndi madzi

Mukamayenda m'midzi ya ku Bembeke, ku Njolomole kapena ku Tsangano, muziyang'ana nyumba zomwe zakhalitsa. Khonde lili m'mwamba, ana akuchita kukwera ndi mawondo, chonsecho pomanga linali pafupifupi lofanana ndi bwalo. Mizu ya mtengo wa pichesi ili pamtunda, anapiye akudutsa pansi pake. Dothi lomwe linali pamenepo linapita pang'onopang'ono: lina ndi tsache m'mawa uliwonse, lina ndi mphepo ya mu Okutobala, lotsalalo mvula inalikokolola kupita nalo kudambo. Bwalo losesedwa bwino ndi ulemu wa pakhomo, palibe angatsutse. Koma kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu malo ambiri ndi otsetsereka, ndipo bwalo lopanda chophimba limatsika chaka ndi chaka mpaka maziko a nyumba kuonekera.

Kapinga ndiye njira yotsika mtengo yothetsera vutoli. Mbewu yake ndi yongopempha, akagwira amakhala zaka zambiri osabzalanso, ndipo chilimwe sichimupha. Chomwe anthu ambiri sachidziwa n'chakuti kupirira kwake kumabwera mizu ikazama. Kapinga wa masabata atatu amafa ndi ng'amba ngati mbewu ina iliyonse. Ntchito yonse ili m'dzinja loyamba, ndiye malangizowa akhala kwambiri pamenepo.

Mudziweni kaye udzuwu

Kapinga wa masamba ang'onoang'ono, yemwe akatswiri amamutcha Cynodon dactylon ndipo pa mapaketi a njere amalemba kuti Bermuda grass, amayenda m'njira ziwiri. Pamtunda amatulutsa nthambi zoyanga zokhala ndi mfundo, ndipo mfundo iliyonse ikakhudza dothi lachinyontho imamera mizu. Pansi pa nthaka alinso ndi timatsinde toyera, tolimba, tosongoka kunsonga, tomwe timayenda mobisika n'kukatulukira patsogolo. M'timatsinde timeneti ndi momwe amasunga chakudya. N'chifukwa chake mu Seputembala bwalo limaoneka ngati lafa, koma chizimalupsa chikangodutsa kumayamba kubiriwira. Mizu yambiri imakhala m'masentimita 60 oyamba, koma m'dothi lofewa ina imatsika kufika mamita awiri.

Amakonda dzuwa ndi kutentha. Amakula mwamphamvu kukatentha kupitirira madigiri 24, ndipo kukazizira kufika m'munsi mwa madigiri 15 amangoima. Apa ndi pomwe maboma athu awiriwa amagawikana. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lake limafika pafupifupi mamita 2,200, pomwe kutsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti ndi Mtakataka, kapena m'chigwa cha Bwanje, ndi kotsika ndiponso kotentha. Kumunsiko kapinga amathamanga, miyezi iwiri bwalo latsekeka. Kumtunda amachedwerapo, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimamuwaula masamba.

Kumtundaku mupezanso udzu wina woyanga wotchedwa kikuyu, wochokera ku mapiri a kum'mawa kwa Africa. Masamba ake ndi aakulupo, obiriwira motuwirako, nthambi zake zonenepa. Umachita bwino kozizira ndipo umakhala wobiriwira nthawi yaitali m'chaka, koma umafuna chinyontho ndi chonde chambiri kuposa kapinga wa masamba ang'onoang'ono. Ngati muli ku Dedza boma kapena ku Lizulu pa dothi lakatondo lachonde, kikuyu angakuthandizeni. Ngati muli kotentha, pamchenga kapena pansangalabwi, tengani wa masamba ang'onoang'onoyo. Kabzalidwe kake n'kofanana.

Choyamba: sankhani pobzala ndi posabzala

Imani pabwalo m'mawa, masana ndi madzulo muone pomwe dzuwa limafika. Kapinga amafuna dzuwa la maola osachepera asanu ndi limodzi pa tsiku. Pansi pa mango, pansi pa paini kapena m'mbali mwa mzere wa bulugamu musadzivute. Amamera wotalikirana, wonyozoloka, kenako n'kutha. Malo otere ingowaphimbani ndi masamba ouma kapena timiyala.

Siyani mpata wa theka la mita kapena mita imodzi kuzungulira nyumba. Mpata umenewu uli ndi ntchito zingapo. Chinyontho sichifika pakhoma, mumaona msanga njira za chiswe, ndipo agogo omwe akuti udzu uitana njoka pakhomo mwawayankha, chifukwa chilichonse chokwawa chimaonekera chisanafike pakhonde. Mantha a njokawo si opanda pake, koma njoka imabisala m'udzu wautali ndi m'milu ya zinyalala, osati m'kapinga wotchetchedwa mpaka m'kakolo. Pomwe madzi a padenga amagwera ikani miyala mzere wonse, poti pamenepo ngakhale kapinga wokhwima amakumbika.

Siyaninso njira yopita kukhitchini, kubafa ndi kuchimbudzi, komanso malo oyanikapo ufa ndi osinjirapo. Kapinga amapirira kupondedwa, koma pomwe mapazi amadutsa tsiku lonse amatha ndithu.

Chachikulu kwambiri: khalani kutali ndi munda ndi dimba. Mlimi aliyense wa mbatatesi ku Tsangano akuuzani chomwe kapinga amachita akalowa m'mizere. Walira mvula walira matope. Mphamvu yomwe mukuifuna pabwalo ndi yomweyo idzakuvutitseni m'munda mukalekerera. Pakati pa kapinga ndi malo olima pakhale mamita awiri kapena kupitirira. Za malire tikambanso kumapeto.

Chachiwiri: pezani mbewu yabwino

Njere za m'sitolo zilipo, koma ndi zodula, n'zazing'ono kwambiri moti mvula yamphamvu imodzi imazikokolola, ndipo zimafuna kuthirira mosalekeza. Njira yodalirika ndi kubzala nthambi zokhala ndi mizu.

Nthawi yosankha mbewu ndi Okutobala, osati tsiku lobzala. M'dzinja udzu uliwonse umaoneka wabwino. Dzuwa likafika pachimake, zungulirani m'mudzi muone kapinga yemwe ali pamalo ouma, pamtetete, koma mukakanda ndi chala mukupeza nthambi zake zili zaziwisi. Mvula yoyamba ikagwa, onaninso amene wayamba kubiriwira. Ameneyo ndiye wozolowera nthaka ndi nyengo ya kwanu. Wa m'mphepete mwa dambo amakopa ndi kubiriwira kwake, koma wakulira pamadzi, ndipo kawirikawiri amabwera ndi dawe.

Malo abwino ofunako ndi m'mbali mwa bwalo la mpira, kuseri kwa khola lakale la ng'ombe, kapena kwa mnansi yemwe kapinga wake wadutsa malire. Pemphani. "Odi bambo, ndimati mundigawireko kapinga wa kuseri kwa kholaku" sizitenga nthawi, ndipo ambiri amakondwa kuti mwawachepetsera ntchito. Ngati ndi pasukulu, onanani ndi aphunzitsi aakulu. Musakumbe m'mbali mwa msewu pomwe udzuwo wagwira chigumula kapena ngalande, mungatsegule chigwembe pomwe panalibe.

Kumbani ndi khasu kapena fosholo mozama masentimita 8 mpaka 10 kuti mutenge ndi timatsinde tapansi tija. Musasese malo onse. Tengani zigamba modumphadumpha, mabowowo muwakwirire ndi dothi, mwini malo sadzaona kusiyana pakatha mwezi. Sikweya mita imodzi yokumbidwa, mukaiphwasula bwino, imakwana kubzala malo okula kasanu kapena kupitirira.

Mukafika nazo kunyumba, khalani pamthunzi ndi kuzisankha. Kutumulani dothi lonse muone chomwe chabisala. Dawe mumuzindikira ndi tsinde lake la ngodya zitatu mukalipotokola pakati pa zala, masamba onyezimira, ndi timbatata takuda tolendewera ku mizu yopyapyala. Kamodzi kokha kakalowa pabwalo lanu mudzalimbana nako zaka. Chotsaninso nansongole ndi khovani. Nthambi zabwino zidulenidulenitu kutalika ngati chikhatho, masentimita 15 mpaka 20, iliyonse ikhale ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Zikulungeni m'thumba lonyowa ndipo muzibzale tsiku lomwelo kapena mawa lake. Zikakhala padzuwa ngakhale theka la tsiku, zambiri sizidzuka.

Chachitatu: konzani nthaka

Apa ndi pomwe ambiri amadumpha, kenako n'kumati kapinga wakana. Bwalo lomwe lasesedwa ndi kupondedwa zaka khumi ndi louma gwa. Dothi lapamwamba linapita kale, chatsala ndi katondo wolimba yemwe madzi amangoyenda pamwamba pake. Mukangoboola timaenje n'kuikamo nthambi, zimagwira, koma mizu imangokhala pamwamba ndipo chilimwe choyamba chimazimaliza.

Dikirani mvula yoyamba ifewetse pansi, mu Novembala, ndipo mugaule malo onse mozama masentimita 15 mpaka 20, kutanthauza khasu lonse lilowe. Phwanyani zibuma. Tolani miyala, zidutswa za njerwa ndi mapepala a pulasitiki omwe amapezeka atakwiririka pakhomo lililonse. Miyalayo musataye, ndi yomwe muike pansi pa denga.

Thirani manyowa owola bwino, ndowa imodzi ya malita 20 pa masikweya mita atatu, n'kusakaniza ndi dothi. Ku Ntcheu ndi ku Dedza makola a ng'ombe alipo ambiri, ngolo imodzi ya manyowa imakwana bwalo lalikulu ndithu. Koma akhale a chaka chatha, akuda, osanunkha. Ndowe zaziwisi zimadzaza bwalo ndi njere za bonongwe ndi chisoso, zimaotcha mizu yanthete, ndipo zimaitana chiswe. Kompositi kapena manyowa a Mbeya amagwiranso ntchito. Ngati muli ndi feteleza wokulitsa wotsala kumunda, wazani magalamu 20 mpaka 30 pa sikweya mita, komwe ndi kadzanja kosadzaza, musakanize ndi dothi. Ngati mulibe, manyowa okha ndi okwanira.

Pa makande a m'chigwa, omwe amamata m'dzinja ndi kung'ambika m'chilimwe, onjezerani mchenga wa kumtsinje pamodzi ndi manyowa ambiri, ndipo musagaule dothi lili chinyowere. Pamchenga chofunika ndi manyowa basi, kuti madzi azichedwa kutsika.

Kenako salazani ndi reki. Bwalo litsetsereke pang'ono kuchoka kunyumba, masentimita awiri pa mita iliyonse, kuti madzi asabwerere kukhonde. Mangani chingwe pa zikhomo ziwiri chikuthandizeni kuona pokwera ndi pozama. Pondanipondani ndi mapazi kuti dothi likhazikike, n'kudzazanso pomwe palowa.

Mukatero musabzale msanga. Siyani malowo masabata awiri mvula igwepo. Njere zonse za udzu woipa zomwe mwazidzutsa pogaula zimera, ndiye muzipalire mopepuka, khasu lingodutsa pamwamba, dzuwa lizipsereze. Masabata awiri amenewa akupulumutsani ku ntchito ya miyezi iwiri yozula ndi manja.

Chachinayi: tsiku lobzala

Bzalani mvula ikakhazikika, pakati pa Disembala mpaka pakati pa Januwale. Ndikudziwa kuti ndi nthawi yomwe aliyense ali kumunda, koma ntchitoyi ndi ya madzulo awiri kapena atatu, ndipo ana asukulu amaitha bwino mukawaonetsa. Ku mapiri musapitirire Januwale. Kapinga amafuna miyezi itatu yofunda ndi yachinyontho kuti azike mizu, ndipo wobzalidwa mu Malichi amakumana ndi kuzizira ali wakhanda. Kumunsi kotentha mukhoza kufika mu Febuluwale, bola mukhale okonzeka kuthirira.

Sankhani tsiku lamitambo, kapena madzulo dothi lili lonyowa. Ndi ngodya ya khasu lembani tingalande tozama masentimita 5 mpaka 8, totalikirana masentimita 30. Tingalandeto tiyende mopingasa kutsetsereka kwa malo, osati kutsata komwe madzi amalowera. Gonekani nthambi m'kangalande motsatizana, iliyonse mfundo ziwiri kapena zitatu zikhale pansi, nsonga ya masamba isuzumire kunja. Kwirirani, kenako pondani ndi chidendene. Kupondaku musakunyoze: mfundo imamera mizu pokhapokha yakhudzana ndi dothi, ndipo nthambi yongoikidwa m'dothi lotakasuka imauma ngakhale mvula ikugwa. Mukakoka nsonga pang'ono ndi zala ziwiri isasololoke.

Ena amakonda kubzala pamapando, timitolo ta nthambi ziwiri kapena zitatu pa phando lililonse. Pa mpata wa masentimita 30 mbali zonse, sikweya mita imodzi imalowa mapando pafupifupi 11, ndiye bwalo la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi lifuna mapando oposa 1,000. Mukathinanitsa kufika masentimita 20, pa sikweya mita pamalowa 25. Mbewu ichuluka koma bwalo litsekeka msanga. Ine ndimakonda tingalande, chifukwa ntchito imafulumira, komanso timizere ta udzu timayamba kutchinga madzi bwalo lisanatsekeke.

Mukamaliza thirirani, ngakhale kumwamba kukuoneka kuti kugwa mvula. Ngati muli ndi udzu wouma wopanda njere, monga wofolera wakale, wazani mopyapyala pamwamba kuti madontho a mvula asafukule nthambi. Dothi lizionekabe pansi pake.

Chachisanu: masabata asanu ndi limodzi oyamba

Adani a nthawi imeneyi ndi atatu: ng'amba, nkhuku ndi udzu woipa.

Ng'amba ya pakati pa dzinja tayamba kuizolowera. Mu nyengo ya 2023/24 inali yoopsa moti mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ndi malo a ngozi. Mvula ikadula masiku atatu kapena anayi kapinga asanathe masabata atatu, thirirani madzulo, keni imodzi ya malita 10 pa masikweya mita awiri, pakadutsa tsiku limodzi kapena awiri. Ngati madzi ndi a kumjigo wakutali, ndi bwino kubzala kagawo komwe mungathe kukathirira, chaka chamawa n'kudzakulitsa ndi mbewu yochokera pomwepo. Madzi otsukira mbale ndi osambira amathandiza, bola musamawakhuthulire pamalo amodzi tsiku ndi tsiku, ndipo okhala ndi mankhwala oyeretsera zovala musawathire.

Pakatha masabata atatu, chepetsani kuthirira. Kuyambira apa lamulo ndi lakuti madzi ambiri kamodzikamodzi, osati pang'onopang'ono tsiku lililonse. Kuwaza timadzi m'mawa uliwonse kumasunga mizu pamwamba. Mukalola pamwamba kuuma kenako n'kuthirira mokwanira, mizu imatsatira chinyontho pansi, ndipo mizu yozamayo ndi yomwe idzamudutsitse mu Okutobala.

Nkhuku zimakonda dothi logaulidwa lokhala ndi manyowa kuposa china chilichonse pakhomo. Tadzi limodzi ndi anapiye ake likhoza kufukula mizere itatu inu muli kutchalitchi. Yalani nthambi za minga pamwamba pa malo onse, kapena zingani ndi kampanda ka nsungwi ndi mapesi. Mbuzi nazo zimazula nthambi yonse ndi mizu yomwe pamene isanagwire. Zisafikepo mpaka bwalo litatsekeka.

Udzu woipa zulani ndi manja sabata iliyonse dothi lili lonyowa. Khasu lingodutsa pakati pa mizere masabata awiri oyamba. Nthambi zikayamba kuyanga lisiyeni, mungazidule. Dawe akatuluka musangomudula masamba, kumbani ndi kampeni mpaka mutulutse kambatata kake. Pomwe nthambi zafa bwezeranipo msanga. Nthambi zatsopano zomwe zikuyenda m'mwamba osakhudza pansi, ziwongolereni komwe kuli mpata n'kuthira kadothi pamfundo.

Pakatha mwezi, ngati masamba akuoneka achikasu, wazani urea pang'ono kwambiri, magalamu 10 pa sikweya mita, mvula ili pafupi kugwa kapena muthirire nthawi yomweyo. Mukachulutsa, kapena mukamusiya pamasamba padzuwa, amawaula.

Ngati malo anu ndi otsetsereka kwambiri

Pakhomo pomwe pali m'mbali mwa phiri, madzi amabwera ndi liwiro kuchokera kumtunda ndipo amatenga nthambi ndi manyowa omwe usiku umodzi. Pamenepa kapinga yekha sakwanira. Ayenera kuthandizidwa ndi vetiva.

Vetiva, udzu wochokera ku India womwe alangizi a zaulimi akhala akulimbikitsa pa mizere ya akalozera, ndi wosiyana kotheratu ndi kapinga. Sayanga. Amakhala pomwe mwamuika, mizu yake imatsika molunjika mamita awiri kapena atatu, ndipo mapesi ake akathinana amakhala mpanda womwe umachepetsa liwiro la madzi n'kusiya dothi kumbuyo. Bzalani mzere umodzi kumtunda kwa bwalo ndi wina kumunsi. Mzerewo ukhale pamulingo umodzi kuyambira uku mpaka uko, apo ayi madzi amatsata mzere n'kukaboola kumapeto. Chida chopimira mukhoza kupanga nokha: mitengo iwiri ya mamita awiri yomangidwa kunsonga ngati chilembo cha A, wachitatu wopingasa, ndi chingwe chokhala ndi mwala cholendewera pakati. Alangizi a m'dera lanu angakuonetseni kachongedwe kake, komanso amadziwa komwe kuli mbewu.

Patulani phata la vetiva m'timagawo ta mphukira ziwiri kapena zitatu, dulani masamba kutsale masentimita 15 mpaka 20, mizu itsale masentimita 10, ndipo bzalani motalikirana masentimita 10 mpaka 15. Mpata ukakula mpanda sutsekeka, madzi amapeza podutsa. Ngati n'kotheka, vetiva atsogole ndi chaka chimodzi.

Pa chigumula chenicheni, monga kuseri kwa nyumba komwe munadula phiri pomanga, musaphwasule kapinga. Mubzaleni ndi dothi lake lomwe m'zigamba zazikulu ngati njerwa, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, chigamba chilichonse muchikhomere ndi kamtengo kosongola.

Kutchetcha

Yambani kutchetcha udzu ukafika masentimita 8 mpaka 10, ngakhale bwalo lisanatsekeke. Kudula nsonga kumachititsa kuti ayange m'mbali m'malo mokwera. Koyamba gwiritsani zenga lakuthwa ndipo mudule mosamala, poti chitchetcho chobuntha chimazula nthambi zosagwira. Pambuyo pake chitchetcho chili bwino, bola chinoledwe.

Cholinga ndi udzu wa masentimita 4 kapena 5, koma mufikepo pang'onopang'ono: pa ulendo umodzi musadule kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake. Anyamata aganyu amakonda kumeta mpaka dothi kuonekera kuti ntchito ioneke, auzeni asanayambe. Bwalo lometedwa choncho limatenga masabata kuti libwerere, ndipo m'mipatamo ndi momwe chisoso chimalowera. M'dzinja tchetchani pakatha masabata awiri aliwonse. Udzu wautali umasunga udzudzu masana, ndipo ngati ziweto zimadyapo, nkhupakupa nazo zimakhalamo. Zotchetchazo zikakhala zochepa zisiyeni ziwolere pomwepo; zikachuluka apatseni akalulu, mbuzi kapena ng'ombe.

Kutchetcha komaliza, chakumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, siyani udzu wotalikirapo, masentimita 6 kapena 7. Umaphimba nthaka ku dzuwa ndi ku chisanu.

Chisanu ndi chilimwe

Kuyambira Juni bwalo liyamba kutuwa, ndipo ku mapiri m'mawa wina mudzapeza lonse lasanduka lofiirira chifukwa cha chisanu. Musathire feteleza, musagaule, ndipo musathirire poganiza kuti ndi ludzu, udzuwo wagona. Kuti mutsimikize, kandani pansi muthyole katsinde kamodzi. Kakakhala koyera ndi kolimba mkati, ndi wamoyo. Kakakhala kakuda ndi kofumbutuka, pamenepo pafa.

M'chaka choyamba, ngati madzi alipo, thirirani mokwanira kamodzi pa masabata atatu mu Seputembala ndi Okutobala. Kuyambira chaka chachiwiri sizofunikanso, pokhapokha mukufuna kubiriwira kwa maso.

Musatenthe. Kapinga amaphukanso moto ukadutsa, n'zoona, koma mwatentha chophimba chomwe mumachifuna pa nthawi yomwe mphepo ndi mvula yoyamba zimawononga kwambiri, ndipo moto pafupi ndi nkhokwe ndi madenga audzu si wosewera nawo. Osaka mbewa auzeni malire awo.

M'chilimwe ziweto zimatayiriridwa, ndipo bwalo lanu likhoza kukhala msipu wa mudzi wonse. Kudya pang'ono sikuwononga kapinga wokhwima, koma mbuzi zikamagona pamenepo tsiku ndi tsiku zimamudya mpaka m'dothi. Chiswe nacho chimadya udzu wouma, mumaona timizere ta dothi pamwamba pa nthambi. Kokolani zouma zochuluka ndi reki ndi kuphwanya timizereto; kawirikawiri mizu imatsala ndipo mvula ikabwera amaphukanso. M'dzinja yang'anirani ntchemberezandonda, zomwe zimatha kumaliza masamba m'masiku ochepa. Mukaziona zambiri dziwitsani alangizi msanga, poti zikachoka pabwalo zikulowera kuchimanga.

Chakumayambiriro kwa Novembala chaka chilichonse, kokolani bwalo ndi reki, boolaniboolani ndi foloko yolimira pomwe palimba, ndipo wazani manyowa osefa osakaniza ndi dothi lamchenga, mopyapyala ngati sentimita imodzi, nsonga za udzu zizionekabe. Ndi chakudya chake cha chaka chonse, komanso mumadzaza nacho timaenje.

Kumusunga m'malire ake

Kumbani kangalande kozungulira kapinga yense, kozama masentimita 20 mpaka 30, khoma lake la mbali ya udzu likhale loongoka. Kamodzi pa mwezi m'dzinja yendani ndi khasu kudula chilichonse chomwe chawoloka. Njerwa zoimika m'mbali zimakongoletsa ndipo zimatchinga nthambi zapamtunda, koma timatsinde tapansi timadutsa kunsi kwake ndi m'mipata, ndiye khasu lisapume chifukwa cha njerwa. Mzere wa vetiva nawo umamuchedwetsa chabe.

Mitengo yazipatso yaing'ono, mapichesi, mapeyala kapena malalanje, isiyireni bwalo lake la mita imodzi kuzungulira tsinde, lophimbidwa ndi masamba ouma. Kapinga amalanda madzi ndi chakudya moti kamtengo kamakhala kokwinimbira zaka.

Zomwe mwadula m'malire musaziponye m'dzenje la kompositi kapena m'khola momwe mudzatapemo manyowa a kumunda. Kachidutswa kokhala ndi mfundo imodzi kamamera. Ziyanikeni pathanthwe kapena pa lata lakale mpaka ziume kuti gwa, kenako muzisonkhezere moto.

Akakhala kuti walowa kale m'munda, nthawi yomuchotsa ndi chilimwe. Gaulani mozama mu Ogasiti kapena Seputembala, kutumulani zibuma, tolani timatsinde tonse ndi manja, ndipo totsalira tisiyeni pamtunda dzuwa litipsereze. Kulima m'dzinja kumangomudula tizidutswa n'kumubzala munda wonse. Mankhwala opha udzu a glyphosate amagwira pokhapokha kapinga ali wobiriwira ndipo akukula, nthawi zambiri amafuna kubwereza, ndipo amapha mbewu iliyonse yomwe awazikira, choncho tsatirani zolembedwa pabotolo ndipo musapopere kukuomba mphepo. Pomwe mwamuchotsa bzalanipo mbewu yophimba nthaka msanga, monga mbatata, maungu kapena kalongonda, chifukwa timatsinde totsalira tikasowa dzuwa timafooka.